Mantha a pachishalo: kubwerera pa canter kavalo atakugwetsa

Mwezi wa Julayi mphepo ya ku Dedza imatsika m'phiri ngati yachita kutumidwa. Imadutsa m'mapaini n'kutola chilichonse chimene yapeza panjira. Tsiku lina inatola jumbo yakuda imene wina anadyeramo tchipisi, n'kuiponya patsogolo pa kavalo amene anakwera mayi wina, pa famu imene ndimasamalirapo akavalo. Kavalo anadumphira kumanzere, mayiyo anapitirira kumene ankaloza, n'kukatera pafumbi. Fupa silinathyoke, chigongono chokha ndicho chinasupuka. Patapita milungu iwiri anabweranso. Kukwera anakwera, kuyenda anayenda, ngakhale trot, kumene ndi kuthamanga pang'ono kwa kavalo, anachita bwinobwino. Koma nditangoti, "Mayi, tiyeni tsopano canter," kumene ndi kuthamanga koposa trot, ndinaona zala zikukanirira pazingwe, mapewa akukwera kukakumana ndi makutu.

"Achimwene, lero ayi. Mwina sabata yamawa."

Sabata yamawayo inasanduka miyezi itatu. Chikhalirecho mayiyu si munthu wamantha. Galimoto amayendetsa yekha kutsika Khwekhwerere mpaka ku Golomoti, msewu umene amuna ena amautsika akupemphera.

Kuno kwathu kavalo ndi wosowa. Bulu timamudziwa, timamuona akukoka ngolo ya mbatatesi popita pa Lizulu. Koma kavalo amavutika ndi akashembe kumadera otentha, komanso matenda a African horse sickness amene amafalitsidwa ndi tizilombo touluka ting'onoting'ono toluma madzulo ndi mbandakucha. Motero okwera ndi ochepa, aphunzitsi ndiye owerengeka, ndipo amene wagwa amangouzidwa mawu amodzi: limbani mtima. Mawu amenewa ndi abwino pamaliro. Pachishalo sathandiza kwenikweni, ndipo kuti timvetse chifukwa chake tiyenera kuyamba tayang'ana miyendo ya kavaloyo.

Kavalo ali ndi mayendedwe anayi. Akamayenda wamba, ziboda zimagunda pansi chimodzichimodzi, kanayi, pa liwiro la makilomita 6 kapena 7 pa ola. Pa trot miyendo imayenda iwiriiwiri mopingasa, wakutsogolo wakumanja pamodzi ndi wakumbuyo wakumanzere, kenako inzakeyo, pafupifupi makilomita 13 pa ola. Kamvekedwe kake kali ngati amayi awiri akusinja mumtondo umodzi. Canter ndi pamene mayi wachitatu wafika ndi munsi wake: kugunda katatu, kampata, katatu, kampata. Liwiro lake limakhala pakati pa makilomita 16 ndi 27 pa ola. Gallop ndiye liwiro la mtondo wadooka, makilomita 40 mpaka 48 pa ola, ndipo wophunzira alibe nayo ntchito.

Tiyerekeze kuti kavalo akuzungulira kulowera kumanja. Woyamba kugunda pansi ndi mwendo wakumbuyo wakumanzere, umene umakankha thupi lonse. Kenako wakumbuyo wakumanja ndi wakutsogolo wakumanzere imatera nthawi imodzi. Womaliza ndi wakutsogolo wakumanja, umene umatambasuka kufika patali kuposa inzake, ndipo timati ndiwo ukutsogolera. Umenewo ukangochoka pansi, kavalo yense amakhala m'malere kwa kamphindi, ziboda zonse zinayi osakhudza dothi. Maso a munthu sakagwira kamphindi kameneka, moti anthu ankakangana ngati kalipodi, mpaka mu 1878 pamene Eadweard Muybridge anandandalika makamera ku Palo Alto, ku California, n'kujambula kavalo ali pa liwiro, miyendo yonse itapindikira kunsi kwa mimba.

Wokwera amazimva zonsezi m'chiuno. Msana wa kavalo umayenda ngati katungwe, kumbuyo kutsika, kutsogolo kukwera, kenako kusinthana, ndipo mutu wake umagwedezekera kutsogolo pa kugunda kwachitatu kulikonse. Amene chiuno chake n'chomasuka amaipeza canter yofewa kuposa trot, moti ambiri akaizolowera trot amayamba kuinyoza. Koma amene waumitsa chiuno, sitepe iliyonse imamuponya m'mwamba, ndipo potsika amakumana ndi chishalo chikukwera. Phaa! Phaa! Pofika sitepe yachisanu phazi limodzi latuluka kale m'chopondera.

Nanga n'chiyani chimaumitsa chiuno? Munthu akagwa, kachigawo ka ubongo kotchedwa amygdala kamasunga zonse za tsikulo: malo, kamvekedwe ka ziboda, ngakhale mawu amene mphunzitsi ananena kugwa kusanachitike. Kachigawo kameneka sikayembekezera kuti uganize. Zinthu zija zikangobweranso, thupi limatulutsa adrenaline wolikonzekeretsa kuthawa ngozi, mtima umathamanga, mpweya umaima pakhosi, ndipo munthu amadzipinda kuteteza mimba ndi chifuwa, monga khanda limakhalira lisanabadwe. Ukakhala pansi kudzipinda kumeneku kumakupulumutsa. Pamsana pa kavalo kumakupereka.

Taonani mmene zimakokerana. Ukaweramira kutsogolo, matako amachoka m'chishalo, kulemera kwako kumapita pamapewa a kavalo, ndipo iye amafulumiza miyendo kuti asapunthwe. Mawondo akapana chishalo, zidendene zimakwera, miyendo imatsetserekera kumbuyo n'kukanikiza nthiti. Kavalo anaphunzitsidwa kuti mwendo ukamukanikiza pamenepo ndiye kuti pita. Nthawi yomweyo manja akukoka zingwe, kachitsulo ka m'kamwa kakuti ima. N'chimodzimodzi dalaivala wa minibasi amene akuipatsa moto galimoto kwinaku ataponda buleki. Kavalo amadzutsa mutu pothawa ululu wa m'kamwa, msana wake umafwaphikira m'kati n'kuuma, canter imasanduka yogunda, wokwera amaopa kwambiri, n'kupana kwambiri. Chimene amachiopa chija wachiitana yekha osadziwa.

Ndipo kubisa sikutheka. Makolo a kavalo kutchire ankapulumuka pothawa, osati pomenyana. Maso ake ali m'mbali mwa mutu, amaona pafupifupi mbali zonse kupatula kumbuyo kwenikweni ndi patsogolo penipeni pa mphumi. Khungu lake limanjenjemera ntchentche ikangotera. Nyama ya makilogalamu 500 imene imamva ntchentche, ingalephere kumva ntchafu zanu zikuuma? Mu 2009 Linda Keeling ndi anzake ku Sweden anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene ndimakonda kuuza ophunzira. Anthu ena ankakoka akavalo, ena atakwera, kudutsa pamalo amodzi kanayi. Ulendo wachinayi usanayambe, anauzidwa kuti munthu amene waima m'mbali atambasula ambulera iwo akamadutsa. Ambulerayo sinatambasulidwe n'komwe. Komabe mtima wa munthu unayamba kugunda msanga, wa kavalo nawo n'kutsatira. Kavalo sanamve zimene anthuwo anauzidwa. Anamva munthu wake. Ndiye mukati limbani mtima, wokwera amangomanga nkhope kuti mphunzitsi asaone, pamene ntchafu zikuulula zonse.

Ntchitoyi ndinaiphunzirira ku makola a kufupi ndi Kyalami, kumpoto kwa Johannesburg, ndipo kumeneko lamulo la akuluakulu linali loti ukagwa, sasa fumbi, kweranso pomwepo. Muli nzeru pang'ono m'lamuloli. Mantha amanenepa ukamawathawa. Nthawi iliyonse imene mayi uja ananena kuti lero ayi, mtima wake unkakhala m'malo, ndipo ubongo unkaphunzira kuti kukana kuja ndiko kwamupulumutsa. Sabata yotsatira kukana kumakhala kosavuta kuposa kale. Koma lamuloli lavulazanso anthu. Amene wamenyetsa mutu, akumva chizungulire, akusanza kapena sakukumbukira mmene wagwera, malo ake ndi kuchipatala, ngakhale akunena yekha kuti ali bwino. Helemeti imene yamenyedwa pansi iyenera kusinthidwa ngakhale ikuoneka yalunga kunja, chifukwa chofewa cha m'kati chimaphwanyika kamodzi basi. Ndipo kukakamiza munthu wonjenjemera kuti achite canter yozungulira bwalo lonse, n'kumupatsa tsiku lina loipa loti aziwonjezera pa loyamba lija.

Chimene chinanditsegula maso ndi funso limene ndinachedwa kufunsa. Tinali pabenchi ya pakhola, tikumwa tiyi wa mu fulasiki.

"Kodi Mayi, chimene mumaopa kwenikweni n'chiyani? Liwiro?"

Anakhala kaye chete. "Liwiro ayi, achimwene. Koma akayamba, sindidziwa kuti aima liti."

Kuyambira tsiku limenelo ndafunsa ena angapo, ndipo mayankho amazungulira pomwepo. Mnyamata wa kabaza amatsika chitunda ndi liwiro loposa la canter, thumba la makala kumbuyo, akuimba likhweru. Mudulireni waya wa buleki muone ngati likhwerulo limveka. Munthu amapirira liwiro ngati akudziwa kuti mathero ake ali m'manja mwake. Choncho ine sindiyambanso ndi kuphunzitsa canter. Ndimayamba ndi kuphunzitsa potulukira.

Koma tisanamuvutitse wokwera, kavalo ayambe wafufuzidwa, chifukwa nthawi zina mantha amakhala akunena zoona. Kavalo amene amaponya miyendo yakumbuyo kapena kuthamanga mwaphuma akangolowa canter, kawirikawiri pali pamene pakumupweteka: chishalo chopana paphewa, msana, ziboda zimene zapitirira milungu 6 kapena 8 osadulidwa, kapena mano. Mano a kavalo amapitiriza kutuluka kwa zaka zambiri za moyo wake, amanoleka m'mbali n'kumacheka masaya, ndipo amafunika wodziwa aziwaona kamodzi pachaka. Kwina ndi chakudya. Kavalo wodya madeya ambiri, n'kukhala masiku atatu m'khola, n'kutuluka m'mawa wa chisanu cha kuno, kumene tauni yenieniyo ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ameneyo amakhala ngati mwana amene wangoweruka kusukulu. Muthamangitseni kaye pachingwe wopanda munthu. Ndipo ngati pali kavalo wina wachikulire, waulesi, amene amafuna kuima kuposa kupita, wamantha akwere ameneyo. Palibe manyazi pamenepo.

Mabuleki timawamanga poyenda wamba ndi pa trot. Wokwera amasankha yekha malo, titi pamtengo uwo wa mpanda, ndipo akafika amatulutsa mpweya pang'onopang'ono, kuwongola msana, kukhazikika m'chishalo, kutseka zala pazingwe, ndipo kavalo akangomvera, kumasula zalazo nthawi yomweyo. Kumasulako ndiko kumaphunzitsa kavalo. Ukakoka osasiya, iye amatsamira pakachitsulo n'kukoka naye, ndipo pa mpikisano wokokana ndi kavalo palibe munthu anapambanapo. Timabwereza kambirimbiri, trot, kuyenda, kuima, trot, mpaka kavalo ayambe kutsika liwiro akangomva mpweya ukutuluka, zingwe zisanagwire ntchito. Mpweyawu si mwambo chabe. Kupuma kotulutsa pang'onopang'ono kumachepetsadi kugunda kwa mtima, ndipo mimba ikamasuka chiuno chimamasukanso. Mayi uja tinatha naye masabata atatu pa zokhazi. Anatopa nazo, ndipo kutopako ndi kumene ndinkafuna. Munthu sangatope ndi chinthu chimene akuchiopabe.

Kenako ndinamutsitsa n'kumuimika pakati pa bwalo pambali panga, kavalo akuzungulira yekha pachingwe chachitali. Ndinamuuza kuti aziwerenga mokweza, wani, thu, firii, ndiponso kuti aziuza yekha kavaloyo kuti abwerere pa trot. Kuiona canter uli pansi kumaichepetsa. Uli pamwamba imaoneka ngati mphepo, uli pansi umaona kuti n'kavalo wokalamba amene akungoyembekezera kuti wina amulole kuleka.

Tsiku loyamba kubwererapo tinagwirizana masitepe atatu. Atatu okha. Ndinamanga lamba wachikopa m'khosi mwa kavalo kuti dzanja limodzi ligwire pamenepo, chifukwa dzanja lamantha liyenera kugwira chinachake, ndipo kuli bwino likoke lamba kusiyana ndi kukoka pakamwa. Chingwe chachitali chinali kwa ine, kuwongolera kunali kwanga, iye ntchito yake kukhala ndi kuwerenga mokweza. Kuwerenga mokweza kuli ndi chinsinsi chake: sungalankhule utagwira mpweya. Ena amaimba nyimbo ya kwaya, zimagwiranso ntchito. Atafika pa firii anatulutsa mpweya, kavalo n'kubwerera pa trot. Pangano linali lakuti ine sindiwonjezera sitepe ngakhale imodzi mwakabisira. Aphunzitsi ena amachita zimenezo, amati atatu koma n'kumusiya munthu azungulire bwalo lonse kuti aone kuti angathe. Akhoza kuthadi, koma mawa sakukhulupiriraninso, ndipo buleki ija mwaidula ndinu.

Chimene ubongo ukuphunzira apa n'chakuti ndinalowa, ndinatuluka pamene ndinafuna, palibe chinachitika. Phunziro limeneli limalowa pobwereza kawirikawiri, osati potalikitsa. Ma canter asanu a masitepe atatuatatu amaposa imodzi ya masitepe 15. Muzilekeza mantha asanafike pakhosi, ndipo wowonjezera nambala akhale wokwerayo.

Pali malo awiri amene amagwetsa anthu mphwayi, ndipo onse si canter yeniyeniyo. Oyamba ndi polowera. Wamantha amapempha canter ndi theka la mtima, kavalo samvetsa, amangofulumiza trot, ndipo trot yothamanga ndiyo yogunda kuposa mayendedwe ena onse. Pofika polowa canter munthu wabalalika kale. Kapemphedwe koyenera n'kotere: trot yodekha, khalani m'chishalo osadzukadzuka, mwendo wam'kati, wa mbali imene mukukhotera, pa lamba wa chishalo, wakunja kumbuyo pang'ono kwa lambayo, finyani kamodzi momveka, manja alole mutu upite. Pemphani pokhota, chifukwa pamenepo kavalo amatsogoza mwendo woyenera mosavuta. Akatsogoza wolakwika pokhota, canter imamveka yopotoka ngati njinga yopindika limu, ndipo wokwera amaganiza kuti walakwitsa ndi iye. Kavalo akapanda kulowa, musamuthamangitse. Bwererani pa trot yodekha, mupemphenso. Malo achiwiri ndi potulukira, pamene masitepe oyamba a trot amabwera akuluakulu. Yembekezerani zimenezo, muyambe kudzuka ndi kukhala m'chishalo motsatira masitepewo nthawi yomweyo, zidendene pansi.

Za kakhalidwe, mawu ambiri amangosokoneza. Ine ndimati, kumbukirani mayi amene akutsika chitunda ndowa yodzaza ili pamutu. Mutu suyenda, mapewa sayenda, maso ali kutsogolo, koma chiuno chikugwira ntchito yonse yolandira nthaka. Canter imafuna zomwezo. Ndipo maso akhale kumene mukupita. Mutu wa munthu umalemera makilogalamu pafupifupi 5, ukaweramira kuyang'ana manyenje a kavalo umakoka mapewa n'kuyambitsa kudzipinda kuja. Ena amene kugunda kwa chishalo kumawaopsa kwambiri amapeza mpumulo poimirira pang'ono pazopondera, matako atangoyandama, manja pa lamba wa m'khosi. Ndimawalola, bola kulemera kutsikire kuzidendene.

Bwalo lozungulira silikomera aliyense. Ngakhale lalikulu mamita 20, limakukankhira kunja, ndipo ena amamva ngati akutsetsereka. Oterewa ndimapita nawo pa kanjira kowongoka kokwera pang'ono. Apa dziko lathu la mapiri limatikomera. Pokwera chitunda kavalo amagwiritsa ntchito miyendo yakumbuyo, savuta kumuimitsa, ndipo pofika pamwamba amakhala akufuna yekha kuyenda. Mathero amaonekeratu ndi maso musanayambe.

Kunja kwa mpanda kuli malamulo ake, ndipo ambiri ndinawaphunzira movutikira. Musachite canter molunjika kukhola, chifukwa kavalo aliyense amadziwa kumene kuli chakudya ndipo mabuleki amachepa mphamvu. Ngati muli angapo, gwirizanani musanayambe, wamantha akhale kumbuyo kwa kavalo wodekha amene sangathawe, pakuti kavalo akaona mnzake akuthamanga samafunsa maganizo a amene wamukwera. Yendani kaye pa njirayo wamba musanathamangepo. Munda wokolola umaoneka see patali, koma muli mizere, ndiponso maenje amene anyamata asiya pokumba mbewa, ndipo chiboda chikalowa m'menemo nkhani imakhala ina. Katondo wa m'dzinja amaterera, dambo limameza mwendo. Agalu a m'mudzi, ana othamangira kudzaona kavalo, ngolo yotulukira pakona, zonsezi n'zathu. Mukamva ng'oma kuti gule watuluka, patukani msanga, mutsike, mugwire kavalo pansi mpaka adutse. Ulemu mwapereka, ndipo kavalo amene sanaonepo chilombo simungadziwe kuti achita chiyani. Nsapato zikhale zotseka, za kachidendene kakang'ono kuti phazi lisalowerere m'chopondera. Amayi ambiri amabwera atavala thalauza m'kati, chitenje pamwamba, n'kuchivula pokwera. Zili bwino, koma chipindeni kutali ndi kavalo, chifukwa chitenje chouluzika ndi mphepo n'chimodzimodzi jumbo ija.

Chinthu china chimene anthu sauzidwa n'chakuti mantha akale safufutika. Ubongo umangomanga phunziro latsopano pamwamba pake, lakale lili pansi phee. Mukakhala miyezi iwiri osakwera chifukwa cha mvula, kapena mukasintha kavalo, kapena mukapita malo achilendo monga kukakwera ku Kande m'mbali mwa nyanja, mukhoza kupeza zala zayambanso kukanirira. Ambiri amakhumudwa pamenepa, amati ntchito yonse ija yapita m'madzi. Sinapite. Mumabwerera pa masitepe atatu, ndipo ulendo uno zimene zinatenga masabata zimatenga tsiku limodzi kapena awiri. Aliponso amene amaganiza mofatsa n'kunena kuti ine kuyenda ndi trot zandikwanira. Amenewo sindilimbana nawo. Kavalo salemba mayeso.

Mayi uja tinafika naye pa kanjira kokwera mu Novembala, mvula yoyamba itangogwa kamodzi n'kugoneka fumbi. Tinagwirizana masitepe sikisi, kuyambira pa chitsa mpaka pa mtengo wa msuku. Ine ndinali patsogolo pa kavalo wina, ndikumumva akuwerenga kumbuyo kwanga. Anawerenga mpaka folo, kenako zii. Nditacheuka ndinapeza msuku waupitirira, ali wowongoka, dzanja lachoka pa lamba wa m'khosi. Anakaima yekha pamwamba pa chitunda, akupuma mwawefuwefu.

"Achimwene, anakwana angati?"

"Sindinawerenge, Mayi. Owerenga munali inu."

"Ndiye tibwerere pa chitsa paja. Koma potsika tiyende wamba."